Nkhoswe ya Nsomba ya Mfumu Salakwa

Ku Zilibwino kulibe nyanja yamchere. Kulibe ngakhale dziwe loti mbuzi n'kumiramo. Dzikoli lazingidwa ndi mapiri mbali zitatu, mbali yachinayi kuli chigwa cha Mwaiwalika, ndipo nsomba zonse zimene anthu akumeneko anazionapo zinafika pa lole zitafa kale: zouma, zowamba, zina zili mu ayezi. Ndiye tsiku limene Mfumu Salakwa Wachiwiri inalengeza kuti ikufuna nsomba yamoyo ya m'nyanja yamchere, yongoyang'ana osati yodya, anthu a mumzinda wa Ombammanja anaomba m'manja monga mwa masiku onse. Atafika kumakwawo ndi pamene anayamba kufunsana kuti nsomba yosalowa mumphika ndiye ya ntchito yanji.

Chinayambitsa zonsezi ndi ulendo. Mfumu inapita kukacheza kwa mfumu inzake ya ku Tilinazo, ndipo kumeneko inaonetsedwa thanki yagalasi pabalaza, muli kansomba kachikasu kakuyendayenda pakati pa miyala. Mwini nyumba ananena mongodutsa kuti nsomba zoterezi sizichedwa kufa, si aliyense angazisunge. Mawu akuti si aliyense aja ndi amene anavuta. Mfumu Salakwa inabwerako ili duu, ndipo kwa sabata yathunthu inkangodya katatu patsiku basi, mpaka nduna zinagwidwa ndi mantha.

Tsono ku Zilibwino kuli malamulo awiri amene mlendo ayenera kuwadziwa asanatsegule pakamwa. Loyamba ndi lakuti chilichonse chimene Mfumu yachiyang'ana n'kuchikonda sichidwala, ndipo wonena kuti chikudwala ndiye kuti akutsutsa maso a Mfumu. Lachiwiri analikhazikitsa ndi bambo ake, Salakwa Woyamba, hatchi yawo itafa patangopita masiku asanu chiigulireni. Popeza Mfumu silakwa, panafunika munthu woti azilakwa m'malo mwake. Kuyambira pamenepo, chamoyo chilichonse chimene Mfumu ikugula chimakhala ndi nkhoswe ngati ukwati. Nkhosweyo imachiyang'ana chisanagulidwe, n'kudinda chala kuti chili bwino. Chikafa chaka chisanathe, nkhoswe imatumizidwa ku Mwaiwalika yokhayokha ndi mphasa imodzi, osatenga mkazi, mwamuna kapena mwana. Nduna sizikhala ankhoswe. Zimati zikanakonda kwambiri, kungoti ntchito yazichulukira.

Pa Msika wa Nong'onani panali mayi wina wogulitsa nsomba, dzina lake Esinati Nangozo. Ali mtsikana anagwirapo ntchito zaka zisanu ndi zinayi kudziko la m'mphepete mwa nyanja yamchere, m'sitolo yogulitsa nsomba zokongoletsera m'nyumba. Ntchito yake inali kutsuka mathanki, kuyeza mchere m'madzi ndi kutaya zakufa m'mawa uliwonse, ndipo wotaya zakufa ndi amene amadziwa mmene yodzafa mawa imaonekera lero. Vuto la Esinati linali pakamwa. Nkhani ya kunyanja ija ankaisimbira aliyense, ngakhale wogula mulu umodzi wa matemba, mpaka inakafika m'makutu mwa Nduna ya Ulemerero ndi Zokongoletsa Dziko, a Chikutumbwe. Akuluakulu sananame pamene anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Lolemba m'mawa anafika a Filimoni, mesenjala wa imvi wa kunyumba yachifumu. Anaima pakati pa msika n'kuwerenga kalata yakuti Esinati wachitiridwa ulemu waukulu wokhala nkhoswe ya nsomba ya Mfumu. Kenako anthu anaomba m'manja pang'onopang'ono, monga amachitira pamaliro wina akatha kulankhula. Felesita, wogulitsa tomato pabenchi loyandikana, anadikira kuti mesenjala atembenuke.

"Mwakwezedwatu, achemwali," anatero. "Benchili tikusungireni, kapena tipezeretu wina?"

Esinati anaseka nawo. Sankaopa chigwa, ndipo benchi silinali nkhani. Ankaopa za amuna ake, a Lufeyo, amene kale ankakhoma zidebe ndi mbaula. Panali patatha zaka zitatu chifereni ziwalo mbali yonse yakumanja. Wowasambitsa anali Esinati, wowatembenuza pamphasa anali Esinati, ndipo masana aliwonse ankasiyira Felesita benchi n'kuthamangira kunyumba kukawadyetsa. Mwana wawo yekhayo anali kunja kwa dziko, makalata ake anasiya kubwera kalekale. Esinati atatumizidwa ku Mwaiwalika, a Lufeyo akanafera m'nyumba chitseko chili chotseka, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezi.

Atawafotokozera, a Lufeyo anayamba kusakasaka mawu, chifukwa ankawatuluka movutikira. Kenako anamufunsa ngati nsomba zake amazidziwadi kapena zinali nkhani zokopera makasitomala. Esinati anati amazidziwa. Anati mwini sitolo uja anamuphunzitsa zambiri, koma chachikulu chinali chimodzi, chakuti usagule nsomba imene sunaione ikudya ndi maso ako.

Tsiku lotsatira anamutengera ku Bwalo la Indedi, kumene nduna zimakumana kuti zigwirizane ndi zimene Mfumu yanena kale. Wamalonda wochokera kunyanja, a Saidi Matumula, anali atayala mathanki awiri patebulo, lililonse lili ndi kamakina kopopera mpweya m'madzi. M'thanki lililonse munali nsomba imodzi yopyapyala ngati chikhatho, yachikasu, ya kamlomo kosongoka ndi mzere wakuda wodutsa padiso. Mfumu inali isanalowe, ndiye Esinati anakoka chitenje, anagwada pafupi ndi tebulo, n'kuyamba kuyang'ana. Sanagogode galasi, sanafunse mtengo. Anangokhala pamenepo theka la ola mpaka nduna zinayamba kunong'onezana kuti mayiyu mwina wagona.

Ya kumanja inali paliponse. Inkazungulira thanki, inkajompha miyala, zipsepse zake zili zotambasuka, maso ali mbee, msana wodzaza. Makha ake, tizitseko tija ta m'mbali mwa mutu timene nsomba imapumira, ankatseguka ndi kutsekeka mosathamanga. Ya kumanzere inali pakona, mutu pansi, zipsepse zitamatirira kuthupi. Diso limodzi linali lotuwa. Pathupi panali timadontho toyera ngati yawazidwa mchere, mimba inali italowa m'kati, makha ankaphethira mofulumira, ndipo nthawi ndi nthawi inkapita kukadzikhula pamwala. Esinati anafunsa wamalonda monong'ona kuti ya kumanzereyo yakhala naye masiku angati ndipo inadya liti. A Saidi anayamba kufotokoza za kukongola kwa mchira wake. Esinati sanafunsenso, yankho anali atalimva.

Ng'oma inalira, onse anagwa pansi, Mfumu inalowa. Inaima kutsogolo kwa mathanki, manja kumbuyo, ndipo tsoka ilo, maso ake anayambira kumanzere. Inaona nsomba ili mutu pansi.

"Iyi yandigwadira," inatero Mfumu.

Basi, nkhani inathera pomwepo. Chinatsala chinali kuikometsera, ndipo pa ntchito imeneyi nduna za ku Zilibwino zilibe mnzake. A Chikutumbwe anaimirira n'kunena kuti m'zaka zawo zonse sanaonepo ulemu wotere, ngakhale kwa anthu opita kusukulu. Nduna ya Zaumoyo inafotokoza kuti diso lotuwalo ndi khalidwe, nsombayo yadziphimba dala kuti isayang'ane Mfumu kumaso. Mkulu wa asilikali anawerenga timadontho tija n'kupeza kuti ndi mamendulo makumi atatu ndi awiri, kuposa ake, ndipo anaichitira sawatcha. Nduna ya Zachikhalidwe inatchera khutu pagalasi n'kulengeza kuti kuphethira kwa makhako ndi nyimbo ya fuko, ikuimba ndime yachiwiri. Nsombayo itapita kukadzikhula pamwala, bwalo lonse linalulutira kuti taonani, ikugubuduzika pamaso pa Mwini dziko.

Ya kumanja ija ndiye inalandira zonse zotsala. Anati ndi yosakhazikika ngati wogulitsa malonda pamsewu ataona apolisi. Anati yayang'ana Mfumu m'maso kawiri. Nduna ina inati kajomphedwe kake ka miyala kakusonyeza kuti ikufufuza chinachake, ndipo zofufuzafufuza ndi zimene zinawononga maiko ena. A Saidi Matumula, amene usana wonse wa dzulo lake ankapemphera kuti ya kumanzere ifike Lachiwiri ikupuma, anagwira pachifuwa n'kuvomereza kuti Mfumu ili ndi diso, yasankha yomwe iwo eni ankafuna kudzisungira.

Mlembi anabwera ndi pepala ndi inki yodindira chala. Esinati anayang'ana chala chake chachikulu, ndipo m'maganizo anaona a Lufeyo ali gone pamphasa akudikira phala. Mantha anamugwira. Kunena kuti ikudwala kunali kutsutsa maso a Mfumu. Kudinda kunali kudzilembera yekha ulendo, chifukwa nsomba imeneyo sikanaona Lamlungu. Anakwawa pang'ono, anaomba m'manja katatu, n'kupempha mwayi wolankhula. Anati iye ndi munthu wa kumsika, koma kwawo mlendo salowa m'banja asanalandire chakudya kuchokera m'manja mwa mwini khomo. Anapempha kuti Mfumu idalitse alendo onse awiri powadyetsa ndi dzanja lake, kuti mbiri idzalembe.

Mawu akuti mbiri anaikomera Mfumu. A Saidi anayesa kunena kuti nsombazo zadya kale, koma palibe anawamva. Anatulutsa kabotolo ka tizidutswa ta nkhanu za m'nyanja, nkhope ili gwa. Mfumu inatapa ndi zala ziwiri n'kuwaza m'thanki la kumanzere. Chakudya chinatsika pang'onopang'ono, chinadutsa pamlomo penipeni pa nsomba ija, chinakafika pansi. Nsomba sinagwedezeke. Mfumu inawazanso, zinachitika zomwezo. A Chikutumbwe anatsokomola, n'kufotokoza kuti nsombayi ndi yodziletsa, sikufuna kulemetsa nkhokwe za boma pa nthawi yovuta ino.

"Pepani, Ambuye, ine za kuno sindizidziwa," anatero Esinati, maso ali pansi. "Ndingofunsa kuti ndiphunzire. M'bwalo muno alipo amene Mfumu inamupatsapo chakudya, iye n'kukana?"

Mfumu inatembenuka n'kuyang'ana nduna zake mmodzimmodzi, kuyambira pakhosi kutsikira pamimba. Panalibe ngakhale mmodzi amene batani la jekete yake linkatsekeka. Kenako nkhope ya Mfumu inada, chifukwa inakumbukira kuti munthu yekhayo amene anakanapo chakudya chake anali malume ake ena ofuna kuilanda mpando, amene ananyanyala kudya ali m'ndende. Inatapanso nkhanu n'kupita kumanja. Dzanja lisanafike pamadzi, nsomba ija inali itafika kale. Inakhwatula chidutswa choyamba, chachiwiri, chachitatu, inatola ndi zogwera pansi, pomaliza inajomphako chala chachifumu.

"Iyi ndi yathu," inatero Mfumu, ikuseka. "Imadya ngati nduna."

Mphepo inatembenuka nthawi yomweyo, ndipo nduna zinatembenuka nayo osachita manyazi ngakhale pang'ono. Mkulu wa asilikali anati wakhala akukayikira kuti mamendulo aja ndi akuba. Nduna ya Zachikhalidwe inati itamvetseranso bwino, nyimbo ija inali ya dziko lina. A Chikutumbwe anati iwo anaona kale kuti kugwada kuja kunali kwachinyengo, amangodikira kuti Mfumu iyambe kunena. Nsomba ya kumanzere inaweruzidwa kuti ituluke m'dziko pasanathe tsiku, ndipo a Saidi anainyamula okha, akutukwana m'chinenero cha kwawo. Esinati anadinda chala pa ya kumanja. Asanachoke anauza mlembi zofunika: madzi akhale a mchere woyezedwa, kamakina kasazime, nsomba isiyidwe payokha milungu iwiri kuti izolowere, ndipo wina asagogode galasi. Mlembi analemba zonsezo m'mawu aakulu, n'kuzitsekera m'kabati.

Ku Nong'onani anamulandira ngati wochokera kumanda. Aliyense ankafuna kumva kuti nsomba yathanzi amaidziwa bwanji, ndipo Esinati, amene pakamwa pake panali pasanaphunzirebe kanthu, anafotokoza zonse. Pofika madzulo msika wonse unali ukuyezana. Amayi ankatsegula zikope za amuna awo kuona ngati maso ali mbee. Felesita anakana kugulitsa tomato kwa wapolisi wina ponena kuti makha ake akuphethira kwambiri. A Gelesomu, mwini ngolo yonyamula makala, anamvetsera mndandanda wonse, mimba yolowa m'kati, kupuma mothamanga, kukhala pakona mutu uli pansi, n'kunena kuti ngati ndi choncho ndiye kuti ku Zilibwino kulibe munthu wamba amene wogula wanzeru angamutenge. Anthu anaseka moyang'ana kumbuyo. Esinati anapita kwawo mtima uli m'malo, anawaphikira a Lufeyo mpunga ndi nsomba yomwe akanaigulitsa, ndipo anadya onse awiri akuseka za mamendulo.

Chimwemwe chake chinatha sabata imodzi ndi tsiku. Lachitatu la sabata yotsatira anaitanidwanso ku Bwalo la Indedi kukamva za mwambo wolandira nsomba, umene unakonzedwa kuti uchitike Lachisanu. Milungu iwiri yoti nsomba ikhale payokha ija inali itafupikitsidwa chifukwa mfumu ya ku Tilinazo inali itaitanidwa kale kudzachita nsanje. Esinati anapeza nsomba ili bwinobwino, yanenepako, ndipo itamuona inabwera pagalasi. Nduna zinali zikukambirana za dzina laulemu loti aipatse. Pakati pa zokambiranazo a Chikutumbwe, pofuna kuonetsa kuti iwo ndi nsombayo ndi apamtima, anaviika chala m'thanki n'kunyambita. Nkhope yawo inakwinyika.

Zimene analankhula pamenepo zinatenga ola. Anati mutu wawo waima. Anati ku Zilibwino mlendo wolemekezeka amalandiridwa ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, ndipo madzi amchere amapatsidwa kwa munthu wa zilonda zapakhosi kapena womwa poizoni kuti asanze. Anafunsa kuti mfumu ya ku Tilinazo ikadzalawa madziwa, monga alawira iwo, idzapita kukanena chiyani kwawo. Idzati Salakwa wasauka mpaka akusunga mlendo m'madzi ophikira ndiwo. Bwalo linang'ung'udza ndi chisoni. Nthawi yomweyo Mfumu inalamula kuti Lachisanu, pamaso pa alendo, madzi amchere atayidwe, muthiridwe madzi a pachitsime chachifumu, nduna iliyonse iikemo supuni ya shuga, ndipo Mfumu iikemo kapu yodzaza.

Esinati anagwada osadikira kupatsidwa mwayi. Anati nsombayi inabadwira mumchere, makolo ake anabadwira mumchere, ndipo m'madzi ena siingathe ngakhale tsiku limodzi.

"Inenso ndinabadwira m'nyumba yaudzu," inatero Mfumu. "Ukufuna ndibwereremo?"

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho zinafiira, ndipo mlembi analamulidwa kuti mawu amenewa alembedwe pazipata za sukulu zonse. Esinati anayesanso, anakumbutsa za pepala lili m'kabati lija. A Chikutumbwe anamuyankha mokoma mtima kuti ntchito ya nkhoswe ndi kusankha, kusamalira n'kwa eni ake. Anati chala chake chinanena kuti nsombayi ndi yathanzi, ndipo nsomba yathanzi singafe ndi zokoma. Ikafa, ndiye kuti nkhoswe inasankha yofooka.

Potuluka, Esinati anaima pathanki kanthawi. Nsomba inkatsatira chala chake kuseri kwa galasi, kuyesa kuti wabweretsa nkhanu. Anaimvera chisoni kwambiri, kuposa mmene ankaganizira kuti munthu angamvere chisoni nsomba. Inali itapirira ukonde, ulendo wa masiku ambiri palole ndi manja a Saidi, ndipo iye ndi amene anailozera Mfumu chifukwa inali yamphamvu. Ikanakhala yodwala bwenzi itabwerera kwawo. Mkwiyo unamugwira, koma ku Ombammanja mkwiyo ulibe kopita nawo, ndiye anaumeza n'kuyenda ulendo wa kunyumba.

Anawauza a Lufeyo zonse osabisa, kuti nsomba ifa Lachisanu ndipo kalata ibwera pambuyo pake. Analira, ndipo aka kanali koyamba kulira pamaso pawo chidwalireni. Anayamba kutchula anthu amene angawapemphe kuti azidzawatembenuza ndi kuwadyetsa, koma dzina lililonse ankalikana yekha asanamalize kulitchula. A Lufeyo anamusiya mpaka atatopa. Kenako anakweza dzanja lamoyo lija kuti akhale chete, n'kuyamba kusema mawu awo limodzilimodzi.

"Nangozo, lamulo limati wothamangitsidwa asatenge munthu. Nanga wodzipitira asanathamangitsidwe, limati chiyani?"

Esinati anaganiza. Lamulolo ankalidziwa pamtima ngati mwana aliyense wa ku Zilibwino, ndipo za wodzipitira silinanenepo kanthu. Salakwa Woyamba, ndi nzeru zake zonse, sanaganizepo kuti munthu wamutu wabwino angapite ku Mwaiwalika mwakufuna kwake.

Lachinayi m'mawa ngolo ya a Gelesomu inaima pakhomo, itasesedwa makala. Anayalamo matiresi, anawagoneka a Lufeyo, m'mbali anaikamo miphika, mbaula, thumba la ufa ndi nyundo zawo zokhomera zidebe, zimene eni ake anakana kuzisiya ngakhale kuti dzanja lozigwira linali litafa. Njira inadzera ku Nong'onani. Esinati anamupatsa Felesita benchi limene anakhalapo zaka khumi ndi zinayi, ndipo mtima unamupweteka kwambiri polisiya. Felesita analibe nthabwala tsiku limenelo. Anangothira tomato m'chitenje cha Esinati n'kuyang'ana kumbali. Anthu ofunsa anauzidwa kuti odwala akupita kukaona msing'anga, ndipo onse anavomereza mokweza kuti n'zoona, msing'anga wake ndi wodziwa, uku akukankhira m'ngolo wina sopo, wina mchere.

Anafika pachipata cha Mwaiwalika dzuwa litapendeka. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake akutafuna nzimbe, n'kupempha kalata yothamangitsira.

"Ikubwera m'mbuyomu, bambo," anatero Esinati. "Nsomba yake ifa mawa."

Mlondayo anasiya kutafuna. Anati wagwira pachipatapo zaka makumi awiri, ndipo walandira ankhoswe a ngamila, a nthiwatiwa, a agalu aubweya ndi a mtengo wina wa maapozi, koma sanaonepo munthu wofika kalata isanafike. Analoza m'ngolo n'kufunsa kuti nanga awa ndi ndani, popeza lamulo limati nkhoswe ilowe yokha. Esinati anati amenewo ndi amuna ake, ndipo lamulolo limanena za wothamangitsidwa, pamene iye lero ndi mayi wongoyenda ndi banja lake. Mlonda anakanda m'mutu, analakatula lamulo lonse chamumtima kuyambira poyamba, n'kufika kumapeto osapeza pogwira. Anakweza mtengo wotchingira njira. Anawauza kuti akafika afunse nyumba ya nkhoswe ya ngamila, chifukwa ameneyo anali dokotala wamkulu wa ku Ombammanja ndipo matenda akufa ziwalo amawadziwa. Anatinso asadabwe ndi msewu, anaukonza ndi nkhoswe ya nthiwatiwa, yemwe kale ankamanga milatho.

Msewuwo unalibe dzenje ndi limodzi lomwe. A Lufeyo, amene anabuula njira yonse kuchokera mumzinda, anagona tulo ngolo ikuyenda. M'mbali mwa njira munali mijigo yotulutsa madzi. A Gelesomu anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti ayamba aona kaye ngati kuno makala amayenda malonda asanabwerere.

Kalata inafika Lolemba. Anabwera nayo ndi a Filimoni omwe aja, fumbi lili mbuu mpaka m'mawondo, atayamba apita kunyumba ya mumzinda n'kupeza loko. Anamupeza Esinati pakhonde la kanyumba kamene anthu a m'chigwamo anawabwereka, akuwapukuta a Lufeyo atangowasambitsa. A Filimoni anaima njo monga mwa ntchito yawo, n'kuwerenga kuti Esinati Nangozo, chifukwa chosankhira Mfumu nsomba yofooka, achoke mu Ombammanja nthawi yomweyo, apite ku Mwaiwalika, ndipo asatenge munthu aliyense. Esinati anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti wamva ndipo sachedwa.

Kenako anafunsa za nsomba. A Filimoni anatsitsa mawu ngakhale kuti kunalibe wowamvera. Anati madzi atasinthidwa ndi shuga atathiridwa, nsomba inazungulira thanki mothamanga, inadumpha katatu, ndipo nduna zinauza alendo kuti ikuvina. Ng'oma zinaitsatira, amayi analulutira. Itagona chammbali anati yatopa ndi chisangalalo. Mfumu ya ku Tilinazo inapempha kuti ituluke panja pang'ono, ndipo anthu anaimva ikuseka kuseri kwa nyumba. Esinati anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, chifukwa inali nsomba yabwino ndipo iye anaisankha bwino.

"Bambo Filimoni," anatero, "tagwirani mbali iyo, tiwasunthire padzuwa."

Mesenjala wa Mfumu anayang'ana kalata ili m'manja mwake, anayang'ana a Lufeyo. Anaika kalata ija pansi, anaipsinja ndi mwala, n'kuwerama kugwira mphasa.